Minibasi ya Atsikana Imene Inadzaza ndi Apongozi

Sukulu ndinalekeza sitandade sikisi, koma kuwerenga sindinaleke. Ndinkawerenga chilichonse chokhala ndi zilembo: mapepala okulungira matemba, makatoni a sopo, malangizo a pa botolo la mankhwala a ng'ombe ngakhale kwathu kunalibe ng'ombe. Masiku amenewo ndinkaotcha chimanga ku boda, ndipo madalaivala a mathiraki odikira mapepala awo akatopa ndi magazini, ankandiponyera pawindo. Chingerezi changa chinali choti mawu atatu ndamva, awiri ndangoganizira. Tsoka lake, amene ndangoganizirawo ndi amene ndinkawakhulupirira kwambiri.

M'magazini ina yopanda chikuto ndinapeza chithunzi cha atsikana achizungu ali m'basi, onse ataimirira, manja m'mwamba, mmodzi atavala kachisoti kapepala. Ndinalimbana ndi ndime ya m'munsi mwake masiku awiri. Zimene ndinatolamo n'zoti kumeneko mtsikana akatsala pang'ono kukwatiwa, anzake amabwereka basi yonse n'kumazungulira nayo tauni akuvina, popanda makolo, popanda mwamuna wake uja. Basiyo ilibe kumene ikupita. Imangoyenda basi.

Nthawi imeneyo mlongo wanga wamng'ono anali atatsala ndi masabata atatu kuti akwatiwe ndi mnyamata wa ku Mkanda, mlimi wa fodya ndi mtedza, munthu wofatsa woti ukamupatsa moni amayamba waganiza kaye. Anagwirizana kuti akakhala kwawo kwa mwamunayo.

Mlongo wangayu anali ndi chinsinsi, ndipo ndinkachidziwa ndine ndekha chifukwa chinkasungidwa pansi pa matiresi anga. Anali atagula jinzi pa kaunjika. Lamulo loletsa akazi kuvala thalauzi linali litatha kale pamene zipani zambiri zinkabwera, ndipo amene ankachokera ku Lilongwe ankati atsikana akumeneko akuvala poyera. Koma pakhomo pathu amayi anali ndi boma lawolawo, ndipo limenelo silinachititsepo chisankho. Jinziyo inali isanaonepo dzuwa. Ankaivala masana amayi ali kudimba, n'kumadziyang'ana pa kagalasi kanga kometera ndevu, kamene kankaonetsa bondo limodzi pa nthawi.

Tsiku lina akuipinda anandifunsa kuti, "Achimwene, ndiye ndipite nayo ku Mkanda? Ndizikaivalira kuti, m'chigafa cha fodya?"

Ndinaseka, koma iye sanaseke.

"Ine ndimangofuna ndivine nayo kamodzi kokha, ndi anzanga, popanda wamkulu wondiyang'ana. Kamodzi basi. Kenako ndiipereke kwa wina."

Apa m'pamene ndinakumbukira chithunzi chija. Ndinadzigunda pachifuwa n'kunena kuti, "Zimenezo usiyire ine. Ndinawerengapo."

Mawu amenewa, oti ndinawerengapo, andilowetsa m'mavuto ambiri pa moyo wanga.

Ndinayamba ndi amayi. Nditangotchula za usiku, monga zinalili m'magazini, anaika lichero pansi.

"Usiku? Mwana woti akwatiwa mwezi uno? Iwe mapepalawa akuzunguza mutu."

Ndinatsitsa mpaka tinagwirizana Loweruka masana, kubwerako dzuwa lisanalowe. Ndinawauza kuti atsikana akufuna kukayeserera nyimbo za ukwati kumalo kopanda phokoso. Silinali bodza lathunthu. Nyimbo zinalipo, ukwati unalipo.

Galimoto ndinaipeza kwa bambo wina woyandikana nafe amene ankayendetsa minibasi ya pakati pa Boma ndi Lilongwe. Ndinkawawerengera makalata a ku ofesi ya misonkho, choncho tinkamvana. Nditawafotokozera, anandifunsa:

"Ndiye tikupita kuti kwenikweni?"

"Kulikonse ayi, adalaivala. Tizingoyenda."

"Galimoto inyamuke, mafuta athe, koma osafika kulikonse?"

"Ndi mmene amachitira."

"Ndani?"

"Anthu ophunzira."

Anaseka mpaka kutsokomola, kenako anavomera. Anangoti kondakitala wawo asabwere, chifukwa pofika madzulo depoti yonse ikhala itadziwa. Ukondakitala unagwera ine.

Pulogalamu ndinailemba ndi bolopeni kuseri kwa katoni ya sopo. Thu koloko, kunyamuka. Pakatha mphindi khumi, kuvula zitenje. Pakatha khumi ndi zisanu, nyimbo. Fili koloko, fanta ndi mabisiketi. Ndinakonza kachisoti ka pepala lonyezimira la m'mapaketi a ndudu, ndinagula mabatire atsopano a wailesi yanga ya kaseti, ndinazunguliza tishu pa minibasi monga amachitira pa maukwati. Mpando wapakati tinauchotsa kuti pakhale bwalo lovinira.

Chimene ndinachiganizira kwambiri ndi msewu. Wa ku boda ayi, kumeneko aliyense amandidziwa. Wa ku Lilongwe ayi, muli apolisi komanso amayi a kumpingo kwathu amayenda mmenemo. Ndinasankha msewu wafumbi wa ku Mkanda, chifukwa ndi wa zii, mumangodutsa njinga. Ndinaganiza za apolisi, za abusa, za fumbi, za matayala. Chimene sindinaganize n'choti msewu wa ku Mkanda umapita ku Mkanda.

Loweruka lake linali loti kwatsala sabata imodzi ukwati. Atsikana anakwera asanu ndi mmodzi, onse atamanga zitenje mpaka m'mapazi ngati akupita kumaliro. Mwa anzake asanuwo, mtsogoleri anali mtsikana wina wa geni ya zitenje, amene ankaoloka kupita ku Chipata kawiri pa mwezi ndipo pakamwa pake sipankatopa. Titangopitirira nyumba zomaliza za pa Boma, ndinayang'ana wotchi ya adalaivala n'kulengeza kuti nthawi yovula zitenje yakwana.

Mlongo wanga atavula chake, atsikanawo anakuwa mpaka adalaivala anagwedeza chiwongolero.

"Mayo ine! Tembenuka tione! Amuna ako akanaona akanaiwala fodya ali pa dzuwa!"

Iye ankangoseka, akubisa nkhope. Zitenjezo, malinga ndi nzeru zanga, ndinazisandutsa makatani. Ndinazimanga pa mawindo onse ndi chingwe, mfundo zolimba zedi kuti mphepo isaulutse.

Kuvina m'minibasi si nkhani yophweka. Denga lake ndi lalifupi, ndiye aliyense ankavina atawerama ngati akupalira. Pa bampu iliyonse mitu inkagunda denga, kaseti n'kudumpha. Koma ankayesetsa. Wazitenje uja anaveka mlongo wanga kachisoti, n'kumukankhira pakati. Anali atangoyamba kugwedeza phewa limodzi pamene adalaivala anachotsa phazi pa moto.

"Akulu," anatero osatembenuka, "amene ali kutsogolowo si apongozi a mlongo wanu?"

Ndinasuzumira. Amayi atatu, mitu yodzaza katundu, akuyenda m'mbali mwa msewu. Wapakatiyo anali mayi ake a mkwati. Kumanzere kwawo azakhali ake a mkwati yemweyo. Anali atapita pa Boma kukagula mpunga, mchere ndi mafuta ophikira za ukwati womwewu, matola n'kuwasiya. Wina aliyense woganiza bwino akanadziwa kuti sabata yomaliza ukwati usanachitike, msewu umenewu umakhala wa iwowo. Dzanja anali ataimika kale.

"Pitirirani," ndinanong'ona.

"Ine? Ndipitirire mayi wamkulu atasenza thumba, galimoto ili ndi malo, nkhope yanga waiona? Mawa ndidzadutse pati?"

"Achimwene, aimitseni," anatero mlongo wanga. "Akadzamva kuti ndinalimo n'kuwapitirira, ndikalowa bwanji pakhomo pawo?"

Zimene zinachitika pa mtunda wotsalawo sindinazionenso kwina kulikonse. Wailesi inazimitsidwa. Kachisoti kanakhalidwa. Atsikana anayi analimbana ndi mfundo zanga pa windo, zikhadabo zikuthyoka, mfundo osasuntha.

"Munamanga ndinu izi? Mumamanga mbuzi?" anakalipa wazitenje, kenako anaweramira chingwe n'kuchidula ndi mano.

Pamene ndinkatsegula chitseko, mlongo wanga anali atakulungidwa chitenje cha mnzake wamfupi, chimene chinkalekeza pamwamba pa akakolo. Kumapazi kwake anaikako thumba la mabisiketi.

"Aa! Si alamu athu awa?" anatero apongoziwo atandiona. "Mwayamba ukondakitala? Nanga mapepala oyerawa, ukwati mwauyamba lero osatiuza?"

Ndinavula chipewa n'kufotokoza kuti atsikana akuyeserera nyimbo za ukwati.

"Panjira?"

"Eya, amayi. Tsiku lakelo adzaimbira m'galimoto. Ndiye tikufuna mawu azolowere mabampu."

Anagwedeza mutu mosonyeza kuti zawamvekera. Kenako maso awo anafika kumbuyo.

"Mtengwa wanga alimo!"

Kwathu mtengwa sapatsa moni apongozi ake ataima kapena atakhala pampando. Amagwada, maso pansi. Tsono jinzi ya pa kaunjika, yothina, yoti sinagwadepo chiisokereni, sigwada msanga. Mlongo wanga anayamba kutsika pang'onopang'ono, dzanja limodzi pa mpando, lina litagwira chitenje, ngati munthu amene akutula mtsuko wodzaza mpaka pakamwa. Tonse tinasiya kupuma. Bondo loyamba linafika, lachiwiri linatsatira patapita nthawi.

"Mwaona ulemu?" anatero apongoziwo kwa azakhali aja. "Atsikana a masiku ano amangogwa ngati thumba la chimanga. Uyu amagwada mofatsa."

Matumba a mpunga anakhala pa bwalo lovinira. Galimoto itanyamuka, apongozi anati, "Imbani tsono, timve." Atsikana amene mphindi zochepa zapitazo ankathyola chiuno anayamba nyimbo ya kwaya, mawu anayi, nkhope zachisoni. Mlongo wanga sankaimba, chifukwa mtengwa satsegula pakamwa pamaso pa apongozi. Sindikanatha kusunga fanta alendo ali pomwepo, ndiye ndinatsegula, ngakhale nthawi yake pa katoni inali isanakwane. Amayiwo anamwa. Mlongo wanga sakanatha kumwa kapena kutafuna akumuona, choncho anangokhala, thukuta likutsika, nsalu ziwiri m'miyendo. Azakhali aja atafuna mabisiketi, anaweramira thumba lija la kumapazi. Wazitenje anawatsogola, n'kulinyamula ndi manja awiri mwaulemu, malo ake n'kukankhirapo chigubu cha mafuta ophikira ndi phazi.

Ndinkaganiza kuti tikawatula atatuwo pulogalamu ipitirira. Koma minibasi inali itapeza mwini wake watsopano: apongozi aja.

"Adalaivala, imani apo. Awo ndi achemwali anga."

Anakwera awiri, ndi madengu a tomato ndi anyezi.

"Imaninso. Awo ndi amene adzatiphikire thobwa."

Anakwera atatu, ndi chimera, ndi nkhuku zinayi zomangidwa miyendo. Ine ndinkatsika, kupatsa moni, kulandira katundu, kukankha chitseko. Adalaivala ankandiyang'ana pa galasi, mapewa akugwedezeka ndi kuseka kobisa.

"Akondakitala," anatero chapansipansi, "anthu ophunzira aja amateronso?"

Pafupi ndi kamlatho kena, pamene panali mtengo waukulu wa mango ndipo panalibe nyumba pafupi, tinapeza amayi ena anayi atakhala pa mabeseni awo. Malo munalibe, ngakhale a nkhuku ina imodzi. Ine, monga mwini pulogalamu, ndinayamba kukonza zoti anthu athinane.

"Tikwana, amayi. Atsikana anyamulane pamiyendo, awa asunthe pang'ono, katunduyu..."

Chidendene cha wazitenje chinatera pa chala changa chachikulu.

"Amayi," anatero ndi mawu ofewa amene ndinali ndisanawamvepo kwa iye, "si bwino akuluakulu athinane ife ana tili phee. Ife titsike, tidikire pamthunzi apa. Galimoto ikakutuleni, idzatitenga pobwerera."

"Koma pulogalamu ikuti tonse tikhale m'basi," ndinamunong'oneza.

"Pulogalamu yanuyo mukazingire mazira, achimwene. Tandipatsani wailesiyo, ikudya malo."

Ndikuvomera kuti ngakhale pamenepo ndinali ndisanamve chimene ankatanthauza. M'mutu mwanga munali basi yokhayokha. Atsikana anatsika mmodzimmodzi, amayi akuwayamikira kuti analeredwa bwino. Mlongo wanga atati adzuke, apongozi anamugwira pamkono.

"Uyu yekha ayi. Dzuwa ili limudetsa, ukwati uli pafupi. Tipite naye, akaone nyumba imene mwamuna wake wamuzirira."

Mlongo wanga anadzutsa maso pang'ono n'kundiyang'ana. Panja anzake anali ataima ndi wailesi, ndipo apa m'pamene ndinazindikira zonse: mthunzi uja, msewu wopanda anthu, Loweruka lomaliza. Akapita ku Mkanda akakhala pamphasa atawerama mpaka dzuwa litalowa, ndipo sabata yamawa yonse inali ya alangizi. Ndinafufuza m'mutu mwanga, m'magazini onse, m'makatoni onse a sopo, mawu oti ndiyankhe mayi wamkulu amene wagwira mkono wa mtengwa wake. Munalibe.

Amene anatipulumutsa ndi azakhali aja, omwe ulendo wonse ankangotafuna mabisiketi osanena kanthu.

"Alamu, dzuwali lakupwetekani?" anatero akukuntha nyenyeswa pa chitenje. "Mwanayu akafike pamudzi lero? Wopanda ankhoswe, wopanda nthungululu, atakhala pa thumba la mpunga? Anthu akati wadzibweretsa yekha, walephera kudikira sabata imodzi."

"Ndimangoti akaone nyumba."

"Nyumbayo ithawa? Adzaiona mpaka kutopa nayo. Musatichititse manyazi kwa eni mwana, mlongo wake ali pomwepa akutiona."

Amayi ena onse anavomereza, aliyense ndi mawu ake, nkhuku nazo zikuthandizira. Apongozi anasiya mkono uja.

"Tsika mwanawe. Ukhale pamthunzi, usaseke ndi odutsa."

Potsika m'minibasi phazi limatambasuka, ndipo chitenje chachifupi chimakwera. Ndinaona nsalu yabuluu ikutulukira pa akakolo. Ndinadziponya pakati n'kuyamba kukupiza mpweya ndi katoni yanga ya pulogalamu, ndikudandaula za kutentha, mpaka iye atafika kuseri kwa anzake. Kunena zoona, imeneyi ndi ntchito yokhayo imene katoniyo inagwira tsiku limenelo.

Tinapitiriza ulendo, ine mwamuna ndekha kumbuyo pakati pa amayi khumi ndi awiri. Atsikana atachoka, manyazi nawo anachoka. Wina anayambitsa nyimbo ya chinkhoswe, ya mawu oti sindingawalembe pano, ena n'kulandira. Mabeseni anasanduka ng'oma. Azakhali anapeza kachisoti kaja kali phwatalala pampando, anakawongola, n'kukavala pamwamba pa duku. Mayi wa thobwa anaimirira, atawerama chifukwa cha denga, n'kuyamba kudula chiuno pakati pa matumba, mutu ukugunda pa bampu iliyonse. Ndinayang'ana zonsezo n'kuona kuti n'chimodzimodzi chithunzi cha m'magazini chija, kungoti zaka za ovinawo zinali zitachuluka.

Tinalowa m'mudzi ndi nthungululu, tishu akuuluka, adalaivala akuliza hutala chifukwa anawalamula kutero. Anthu anatuluka m'nyumba akuthamanga. Mkwati anachokera ku chigafa, manja akuda ndi fodya, nkhope itasokonezeka, akuganiza kuti mwina wasokoneza masiku. Anasuzumira pawindo kufuna mkazi wake, n'kukumana ndi azakhali ake atavala chisoti.

Nditamaliza kutsitsa katundu, apongozi anandipatsa mtedza m'kathumba. Kenako, akuyang'ana kwina, anati, "Alamu, mukamuuze mtengwa wanga kuti minda yakuno ili ndi chisoso chambiri. Chimamata m'miyendo. Ngati ali ndi chotchingira miyendo cholimba, asachisiye kwanu."

Ndinayankha kuti ndikanena. Mpaka lero sindidziwa ngati chinali chilolezo, chenjezo, kapena nkhani ya chisoso basi.

Pobwerera galimoto inali yopepuka, ikununkha anyezi ndi nkhuku. Dzuwa linali litapendeka. Titakhota pa kona yoyang'anizana ndi kamlatho kaja, ndinaona mtengo wa mango uli patali, ndi fumbi likukwera pansi pake. Chitenje chachifupi chija chinali chitakolekedwa pa nthambi. Wailesi inali pamwala. Atsikana asanu anali atapanga bwalo akuomba m'manja, ndipo pakati, ataima mowongoka, manja m'mwamba, popanda denga lomugunda mutu, panali mlongo wanga ndi jinzi yake. Oonerera anali ng'ombe zitatu kutsidya kwa kamtsinje.

Adalaivala anatambasula dzanja kuti alize hutala. Ndinaligwira.

"Tadikirani kaye."

Anandiyang'ana, anayang'ana kumtengo, kenako anapatutsira galimoto m'mbali, kuseri kwa tchire, n'kuzimitsa injini. Tinakhala pamenepo tikuswa mtedza wa apongozi, makoko tikutayira pawindo. Nyimbo inkamveka pang'ono mphepo ikatembenukira kwathu, ndi kuseka kwa wazitenje pamwamba pake. Patapita nthawi kaseti inafika kumapeto, kunja n'kukhala zii. Adalaivala anagwira kiyi.

Tinaona mlongo wanga akuthamangira pamwala paja. Anawerama, mwachangu ndithu, anatulutsa kaseti, n'kuitembenuza.

Adalaivala anapumira m'mwamba, anasiya kiyi, n'kutambasulira dzanja m'kathumba ka mtedza.